Marshall: ampulifaya ya mavalavu ndi zimbale zomwe zidasunga liwu lake

Marshall ndi dzina la maampulifaya a gitala omwe adayamba kupangidwa mumzinda wa London m'chaka cha 1962. Achinyamata a lero amalidziwira dzinali pa timasipika ta Bluetooth ndi mahedifoni, koma kutchuka kwake kudachokera ku mabokosi olemera okhala ndi mavalavu agalasi m'kati, omwe kuyambira 1962 mpaka m'zaka za m'ma 1980 adapatsa nyimbo za rock liwu lomwe timazizindikira nalo. Mitundu yake ikuluikulu ya nthawi imeneyo ndi itatu: JTM45, Super Lead yomwe oimba amaitcha Plexi, ndi JCM800. M'kati mwake makinawa ndi apachibale, kusiyana kwake n'kochepa. Komabe zimbale zomwe adajambulira sizimveka mofanana, ndipo oimba gitala sadagwirizanebe mpaka lero za chimbale chomwe chidagwira bwino koposa kaliridwe ka Marshall.

Valavu ndi kusasa kwa mawu

Gitala yamagetsi payokha imangonong'ona. Pansi pa nsambo zake pali timaginito tokulungidwa ndi waya wopyapyala, tomwe timasandutsa kunjenjemera kwa nsambo kukhala mphamvu yamagetsi yochepa zedi. Ntchito ya ampulifaya ndi kukuza mphamvuyo kufikira itatha kugwedeza sipika. Thiranzisita isanafale, chida chomwe chinkagwira ntchitoyi chidali valavu, kababu kagalasi kopanda mpweya m'kati. Kawaya ka m'kati mwake kakatentha, magetsi amadumpha kuchoka ku chitsulo china kupita ku chinzake, ndipo pakati pa ziwirizi pali kasefa ka waya komwe kamalola magetsi ambiri kapena ochepa kudutsa, molingana ndi zomwe zikuchokera ku gitala. Akuluakulu omwe adakhalapo ndi wailesi ya Saucepan Special, yomwe idayamba kugulitsidwa ku Northern Rhodesia mu 1949 n'kufalikira ku Nyasaland, adasungapo mavalavu m'nyumba osadziwa, pakuti m'kati mwa wailesiyo mudali anayi.

Valavu iliyonse ili ndi malire. Ikapatsidwa mawu opitirira muyeso wake imalephera kuwakuza onse, ndipo imabuntha nsonga za mafunde a mawuwo. Khutu limamva gitala ikusasa mawu, monga amachitira mlaliki yemwe wafuula tsiku lonse. Zinthu zina ziwiri zimachitikira pamodzi ndi kusasaku. Kusiyana kwa liwu lokhudzidwa pang'ono ndi lomenyedwa mwamphamvu kumachepa, ndiponso liwu lililonse limatalika, osazilala msanga monga lichitira pa gitala wamba. Kwa mainjiniya a wailesi ichi chidali chilema choyenera kuchotsedwa. Oimba blues a ku Chicago ndi Memphis adachikonda chilemacho kale m'zaka za m'ma 1950, pa timaampulifaya tawo ting'onoting'ono, ndipo anyamata a ku England omwe ankamvera mbale zawo adachisirira.

Maampulifaya oyamba a Marshall adalibe njira yopezera kusasa mwakachetechete. Woimba akafuna liwu limenelo ankayenera kupotokola voliyumu mpaka kumapeto, kuti mavalavu onse, thiransifoma ndi pepala la sipika zivutike pamodzi. Ndiye chifukwa chake mbiri ya mawu a Marshall ndi mbirinso ya phokoso logonthetsa m'kutu, ndi ya mainjiniya a m'situdiyo omwe adayenera kuphunzira kulijambula.

Sitolo ya ku Hanwell

Jim Marshall, yemwe adabadwa mu 1923, sadali woimba gitala. Adali woimba ng'oma komanso mphunzitsi wa ng'oma, ndipo adali ndi sitolo ya zida zoimbira ku Hanwell, kumadzulo kwa London. Ophunzira ake ankabwera ndi anzawo a m'magulu awo oimba, ena mwa iwo Pete Townshend ndi Ritchie Blackmore, ndipo dandaulo lawo lidali limodzi: maampulifaya a Fender ochokera ku America adali okwera mtengo, pomwe a ku England sankapereka mphamvu ndi ukali womwe iwo ankafuna. Marshall adapatsa ntchitoyi amisiri ake, Ken Bran ndi mnyamata wina wotchedwa Dudley Craven.

Amisiriwa sadayambire pansi. Adatenga Fender Bassman ya 1959, ampulifaya yomwe idapangidwira gitala ya besi, n'kutsanzira kalumikizidwe kake pafupifupi konse. Zomwe adasintha zidali zochepa, ndipo zina adasintha chifukwa cha zida zomwe zinkapezeka mosavuta ku England. Valavu yoyamba, yolandira mawu a gitala, adaikapo ECC83, yomwe imakuza kwambiri kuposa 12AY7 ya mu Bassman, choncho ampulifaya inkayamba kusasa msanga. Mathiransifoma adali a ku England. Kusintha kwakukulu kudali kwa masipika: Bassman idali ndi masipika anayi a mainchesi 10 a Jensen m'bokosi lotseguka kumbuyo, pomwe Marshall adaika anayi a mainchesi 12 a Celestion m'bokosi lapadera lotsekeka. Bokosi lotsekeka limaponya mawu kutsogolo ndipo limagunda pachifuwa. Ampulifayayo adaitcha JTM45, zilembozo zikuimira Jim ndi mwana wake Terry Marshall. Nambala 45 idali yokometsera malonda, poti mphamvu yake yeniyeni inkaposa pang'ono mawati 30.

Manambala a Marshall amasokoneza ambiri. Model 1959, Model 1962 ndi Model 1987 ndi manambala a m'buku la katundu chabe, si zaka zomwe makinawo adapangidwa. Model 1959 idatuluka pakati pa zaka za m'ma 1960, ndipo Model 1987 idali kale pamsika zaka 20 chaka cha 1987 chisanafike.

1966: Clapton ndi John Mayall

Chimbale chomwe pafupifupi aliyense amayambirapo ndi Blues Breakers with Eric Clapton cha John Mayall, chomwe kampani ya Decca idatulutsa mu July 1966. Ambiri amangochitcha chimbale cha Beano, chifukwa pachikuto chake Clapton akuwerenga magazini ya ana ya dzina limenelo mmalo moyang'ana wojambula chithunzi. Adali ndi zaka 21.

Clapton adalowa mu situdiyo ya Decca ku West Hampstead ndi gitala ya Gibson Les Paul yomwe adaigula yogwiritsidwa kale ntchito, ndi Marshall Model 1962, yomwe ndi JTM45 yomangidwa m'bokosi limodzi ndi masipika awiri, ya mavalavu a KT66. Mwambo wa m'situdiyo masiku amenewo udali woti woimba gitala atsitse ampulifaya kuti injiniya ajambule mawu oyera. Clapton adakana. Adafuna kuimba pa voliyumu yomwe ankaimbira m'malo azisangalalo usiku uliwonse, ndipo mtsogoleri wa ntchito yojambulayo, Mike Vernon, adamulola. Injiniya wake, Gus Dudgeon, yemwe pambuyo pake adadzatchuka pogwira ntchito ndi Elton John, adasiyidwa ndi vuto la gitala yomwe inkalowerera m'maikolofoni a ng'oma ndi a zida zina. Kulowerera kumeneku ndi mbali ya kukoma kwa chimbalecho. Womvera amamva chipinda chonse chikulira pamodzi ndi gitala.

Pa "Hideaway", nyimbo ya Freddie King yopanda mawu oimba, liwu la gitala ndi lonenepa, lofunda, ndipo limaluma pokhapokha Clapton akakanikiza. Pa "All Your Love" ya Otis Rush amayamba modekha kenako n'kukalipa nyimbo ikasintha liwiro. "Steppin' Out" ndi "Have You Heard" zimaonetsa kutalika kwa liwu, momwe nsambo imodzi yokokedwa imakhalira m'malere osagwa. Kwa khutu la lero lozolowera nyimbo za metal, kusasa kwa chimbalechi n'kochepa. Mu 1966 kudali kodabwitsa, ndipo mtengo wa magitala akale a Les Paul, omwe kampani ya Gibson idali itasiya kupanga mu 1960 kaamba kosayenda malonda, udayamba kukwera kuchokera pamenepo. Model 1962 nayo idatenga dzina latsopano, Bluesbreaker. Gitala yomwe Clapton adaimbira idabedwa chaka chomwecho pomwe ankakonzekera ndi gulu lake latsopano la Cream, ndipo sidabwererenso kwa mwini wake.

Mabokosi osanjikiza

Pomwe Clapton ankajambula ndi mawati 30, anzake adali atayamba kale kufuna zoposa. Pete Townshend ndi John Entwistle a gulu la The Who ankalimbana ndi ng'oma zaphokoso za Keith Moon komanso wina ndi mnzake, ndipo mu 1965 Marshall adawapangira ampulifaya ya mawati 100. Poyamba masipika asanu ndi atatu adaikidwa m'bokosi limodzi, koma onyamula katundu wa gululo adalephera nalo. Lidagawidwa pawiri, mabokosi awiri a masipika anayianayi, lina pamwamba pa linzake ndipo ampulifaya pamwamba penipeni. Chimulu chimenechi, chotalika kuposa munthu, ndicho chidakhala chithunzi cha nyimbo za rock.

Ampulifaya ya mawati 100 ija idakhwima n'kukhala Model 1959 Super Lead, ndipo mng'ono wake wa mawati 50 ndi Model 1987. Dzina la Plexi lidachokera ku chikwangwani cha kutsogolo, pomwe pali zopotokolera, chomwe mpaka 1969 chinkapangidwa ndi pulasitiki ya Plexiglas yagolide; pambuyo pake adayamba kuika chachitsulo. M'zaka zomwezi mavalavu a KT66 adalowedwa m'malo ndi a EL34, otsika mtengo komanso osavuta kupeza, ndipo mawu adasintha: kunenepa kwa JTM45 kudachepa, kukalipa kwa pakati ndi kuthwa kwa pamwamba kudakula. Plexi ili ndi mabowo anayi olumikizira gitala, awiri a njira ya mawu akuthwa ndi awiri a njira ya mawu onenepa. Oimba adatulukira okha kuti kachingwe kakafupi kolumikiza njira ziwirizi kamawalola kusakaniza mawuwo momwe afunira.

Ndi Cream, Clapton adasamukira ku zimulu zimenezi. Pa chimbale cha Disraeli Gears cha 1967, makamaka pa "Sunshine of Your Love", akumveka ndi liwu lomwe iye adalitcha woman tone. Ankalipeza potsitsiratu chopotokolera cha kuthwa kwa mawu pa gitala yake ya Gibson SG, ampulifaya ili pamwamba, ndipo zotsatira zake ndi liwu losalala, lotsekeka pang'ono, ngati munthu woimba atatseka pakamwa. Koma Plexi ya Clapton imamveka bwino kwambiri pa "Crossroads", yomwe idajambulidwa pamaso pa anthu ku Winterland mumzinda wa San Francisco mu March 1968 n'kutuluka pa Wheels of Fire. Apo palibe chosalaza. Gitala, besi ya Jack Bruce ndi ng'oma za Ginger Baker zikuthamangitsana, ndipo m'chigawo chachiwiri choimba yekha Clapton amakwera kumapeto kwa khosi la gitala, ampulifaya n'kumakuwa koma liwu lililonse likumvekabe palokha.

Hendrix

Jimi Hendrix adafika ku London mu September 1966. Woimba ng'oma wake, Mitch Mitchell, adali wodziwika bwino kusitolo ya ku Hanwell, ndipo sipadatenge nthawi kuti Hendrix akumane ndi Jim Marshall. Mwangozi chabe, dzina lonse la Hendrix lidali James Marshall Hendrix.

Iye ankaimba Fender Stratocaster, gitala ya mawu opyapyala ndi owala kuposa Les Paul, ndipo pakati pa gitala ndi ampulifaya ankaikapo timabokosi topondedwa ndi phazi: Fuzz Face yowonjezera kusasa, wah yopangitsa gitala kukhala ngati ikuyankhula, ndipo pambuyo pake Uni-Vibe yomwe imapatsa mawu kuyendayenda ngati madzi. M'situdiyo ankagwiritsanso ntchito maampulifaya a Fender, choncho si nyimbo iliyonse ya pa Are You Experienced kapena Electric Ladyland yomwe ili umboni wa Marshall. Umboni wosakayikitsa uli pa zomwe adajambula pasiteji.

Pa zonsezo, yomwe wolemba nkhani ino angaiike patsogolo ndi "Machine Gun" ya pa chimbale cha Band of Gypsys, yojambulidwa ku Fillmore East mumzinda wa New York pa 1 January 1970, Billy Cox ali pa besi ndipo Buddy Miles pa ng'oma. Ndi nyimbo ya mphindi zoposa 12 yodandaula nkhondo, pa nthawi yomwe asilikali a America ankafa ku Vietnam. Ampulifaya ikakwezedwa kwambiri, mawu otuluka m'sipika amagwedezanso nsambo za gitala, nsambozo n'kutumizanso mawu ku ampulifaya, mozungulira choncho mpaka pamveke kulira kosatha. Oimba ambiri ankakuopa kulira kumeneku. Hendrix ankakuweta. Ankadziwa poima ndi mopendeketsera gitala kuti liwu lomwe akulifuna ligwire, ndipo poyambira chigawo chake choimba yekha amakoka nsambo imodzi n'kuisiya ikulira kwa nthawi yaitali ngati mfuu ya pamaliro. Akatsitsa voliyumu ya pagitala ndi chala, ampulifaya yomweyo imayera mawu n'kukhala yofatsa. Zimenezi zikuonetsa chomwe Plexi ili nacho choposa phokoso: imamvera dzanja. Hendrix adamwalira ku London mu September chaka chomwecho ali ndi zaka 27.

Kaimbidwe kake kadafika mpaka kuno kwathu. Magulu a Zamrock a ku Zambia m'zaka za m'ma 1970, monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family, adamanga nyimbo zawo pa gitala yosasa ya mtundu umenewu, ndipo Paul Ngozi ankadziwika ndi kuimba gitala ndi mano monga ankachitira Hendrix.

Ochepetsa zida

Pali oimba awiri omwe okonda Marshall amawatchula pofuna kuonetsa zomwe ampulifayayi imachita popanda chothandizira. Woyamba ndi Paul Kossoff wa gulu la Free. Pa "All Right Now" ya 1970 pali Les Paul ndi mipata yambiri ya chete. Kossoff sankathamanga. Ankagwira liwu limodzi n'kuligwedeza ndi chala mofulumira, mwa njira yomwe oimba ambiri ayesa kutsanzira koma osaifikira. Adamwalira mu 1976 ali ndi zaka 25.

Wachiwiri ndi Duane Allman, pa chimbale cha At Fillmore East cha The Allman Brothers Band, chojambulidwa mu March 1971. Iye ankakonda Marshall ya mawati 50, yomwe imayamba kusasa isanafike pa phokoso la inzake ya 100. Pa "Statesboro Blues" amavala kabotolo kagalasi ka mankhwala a chimfine ku chala n'kumakatsetsereza pa nsambo, ndipo liwu lomwe limatuluka limafanana ndi la munthu woimba kuposa la chida. Mnzake Dickey Betts ali mbali ina ndi mawu oyera, ozungulira. Kuwamva awiriwa akusinthana pa "In Memory of Elizabeth Reed" n'kumva mitundu iwiri ya liwu kuchokera ku banja limodzi la ampulifaya. Allman adafa pangozi ya njinga yamoto mu October chaka chomwecho, chimbalecho chitangotuluka miyezi itatu.

Apa m'pofunika chenjezo, chifukwa maso amanamiza khutu. Anthu akaona chithunzi cha woimba ataima patsogolo pa chimulu cha Marshall amaganiza kuti zimbale zake zonse zidachokera m'menemo. Chimbale choyamba cha Led Zeppelin, cha 1969, Jimmy Page adachijambula ndi Fender Telecaster ndi ka ampulifaya kakang'ono ka Supro. Marshall zake zimamveka pa zojambulidwa pasiteji monga The Song Remains the Same, ya ku Madison Square Garden mu 1973. Live at Leeds ya The Who, ya 1970, ndi Hiwatt, poti Townshend adali atasiya kale ampulifaya yomwe adathandiza kuyambitsa. Ndipo pa Layla, chaka chomwecho, Clapton adagwiritsa ntchito Fender Champ, kabokosi konyamula ndi dzanja limodzi. Maikolofoni ikayandikira, ka ampulifaya kakang'ono kamamveka ngati nyumba.

Van Halen ndi AC/DC

Mu 1978 ndi mu 1980 kudatuluka zimbale ziwiri zomwe zidatengera Marshall yakale mbali ziwiri zosiyana.

Chimbale choyamba cha Van Halen chidatuluka mu February 1978, chitajambulidwa ku Sunset Sound mumzinda wa Los Angeles motsogozedwa ndi Ted Templeman ndi injiniya Donn Landee. Eddie Van Halen adali ndi Super Lead ya m'zaka za m'ma 1960, zopotokolera zonse zili kumapeto, ndi gitala yomwe adailumikiza yekha kuchokera ku zidutswa: thupi la mtundu wa Stratocaster ndi maginito a Gibson. Chinsinsi chake chodziwika ndi Variac, thiransifoma yosinthira mphamvu ya magetsi ochokera kukhoma. Ankaitsitsa kufika cha m'ma 90 volts, pansi pa muyeso wa magetsi a ku America, kuti ampulifaya isase mokwanira koma phokoso litsikeko. Poyamba adauza atolankhani kuti ankakweza magetsiwo, ndipo adadzavomera patapita zaka kuti zoona zake zidali zosiyana. Liwu lake lidatchedwa brown sound, kutanthauza lofunda ndi losabaya m'khutu ngakhale lili lokalipa. "Eruption", yosakwana mphindi ziwiri, ndi yomwe idadzidzimutsa oimba gitala padziko lonse, koma liwulo limamveka bwino pa "Runnin' with the Devil" ndi "Ain't Talkin' 'bout Love". Womvera pa mahedifoni achotse la kumanzere: apeza kuti gitala yeniyeni idaikidwa mbali imodzi, ndipo mbali inayo kuli mauniko ake okha, monga mawu obwerera kuphiri. Kukula kwa liwu la chimbalechi kudapangidwa m'situdiyo pafupifupi mofanana ndi momwe kudapangidwira mu ampulifaya.

Back in Black ya AC/DC idajambulidwa ku Compass Point Studios ku Nassau, m'dziko la Bahamas, mu 1980, patangopita miyezi yochepa woimba wawo Bon Scott atamwalira ndipo Brian Johnson atalowa m'malo mwake. Mtsogoleri wa ntchito yojambulayo adali Robert John "Mutt" Lange, yemwe adabadwira ku Mufulira, m'chigawo cha migodi cha Zambia, mu 1948, n'kukulira ku South Africa. Injiniya adali Tony Platt. Abale awiri, Angus ndi Malcolm Young, ali wina mbali ina wina mbali inzake, Angus ndi Gibson SG, Malcolm ndi Gretsch yomwe adaichotsa maginito ena n'kusiya amodzi. Ophunzira gitala ambiri amalakwitsa chimbalechi powonjezera kusasa. Kumvetsera mosamala kumaonetsa kuti magitalawo ndi oyera kuposa momwe amaganizira, makamaka ya Malcolm, yemwe ankamanga nsambo zokhuthala n'kumazimenya mwamphamvu. Ampulifaya ili m'mphepete chabe mwa kusasa. Kulemera konse kukuchokera ku manja awiri ogunda nthawi imodzi ndi kuleka nthawi imodzi, kotero kuti chete wa pakati pa kugunda kulikonse amamveka ngati chida chachitatu. Nyimbo ya "Back in Black" mpaka lero imagwiritsidwa ntchito ndi mainjiniya ambiri poyesa masipika a m'holo zoimbira.

JCM800 ndi kuno

Mu 1975 Marshall idatulutsa Model 2203 ndi 2204, zokhala ndi chopotokolera chachiwiri cha voliyumu. Tsopano woimba ankatha kusasitsa mavalavu ang'onoang'ono a poyambira, n'kutsitsa phokoso lotuluka. Mu 1981, mgwirizano wa zaka 15 ndi kampani yogulitsa ya Rose-Morris utatha, makinawa adavekedwa nkhope yatsopano ndi dzina la JCM800, lomwe lidachokera pa nambala ya galimoto ya Jim Marshall. Mawu ake ndi owuma, akuthwa, omangika, oyenera nyimbo zothamanga. Reign in Blood ya Slayer, ya 1986, ndi chitsanzo cha mbali yake yaukali, ndipo Tom Morello adajambula chimbale choyamba cha Rage Against the Machine mu 1992 ndi JCM800 ya mawati 50. Chomwe chidapindulidwa ndi makutu a oimba ndi mtendere wa anansi. Chomwe chidachepa ndi kupuma kwa Plexi, komwe kumabwera mavalavu aakulu ndi masipika zikamavutika pamodzi.

Jim Marshall adamwalira mu April 2012 ali ndi zaka 88. Fakitale ya ku Bletchley, ku Milton Keynes, komwe kampaniyi idasamukira m'zaka za m'ma 1960, ikupangabe JTM45, Bluesbreaker, Super Lead ndi JCM800 zatsopano motsatira zakale. Mu 2023 kampaniyi idagulidwa ndi Zound Industries ya ku Sweden, yomwe idali ikupanga kale mahedifoni ndi timasipika ta dzinali. Oimba ambiri lero sanyamulanso mabokosi. Amagwiritsa ntchito mapulogalamu a pakompyuta ndi timakina totsanzira mawu a Plexi, ndipo opanga timakinato amayesa ntchito yawo poyerekeza ndi zimbale zomwe zatchulidwazi.

Yemwe wapeza ampulifaya yakale ya mavalavu, ya Marshall kapena ina iliyonse, asaitsegule yekha. M'kati mwake mumayenda magetsi oposa 400 volts, ndipo zida zina zimasunga mphamvuyo ngakhale chingwe chitazulidwa kukhoma. Asaiyatsenso sipika isanalumikizidwe, chifukwa kutero kumapsereza thiransifoma yotulutsira mawu, chomwe ndi chida chodula kwambiri m'bokosilo. Mavalavu amatha ngati mababu ndipo amafunika kusinthidwa. Fakitale ya Mullard ku Blackburn, yomwe EL34 zake zidali m'ma Plexi ambiri, idaleka kupanga mavalavu m'zaka za m'ma 1980, ndipo atsopano lero amachokera ku Slovakia, Russia ndi China.